Ubweya mudzauzolowera: zimene ndaona pokhala ndi galu wa mtundu wa Afghan

Anthu akakumana nane pamsewu ndili ndi Sila, funso limakhala lomwelomwelo: "Ubweya wonsewu mumausamala bwanji?" Ena amafunsa ngati ndi wakewake, ena amapempha kuti amugwireko, Silayo akungoyang'ana kumbali osasamala zoti akukambidwa. Sila ndi galu wamkazi wa mtundu wa Afghan Hound, ndipo ndakhala naye kuyambira ali kamwana. Ndaona kuti ambiri amene amasirira galu wotere mantha awo amawaika pa ubweya. Ubweya ndi ntchito ndithu, koma ndi ntchito yoti munthu umaiphunzira, manja n'kuizolowera. Chimene chimasintha kakhalidwe ka pakhomo panu ndi maso ake ndi miyendo yake, ndipo za zimenezo palibe amene amandifunsa.

Agalu ambiri amasaka ndi mphuno, mutu uli pansi, kutsata fungo. Pali kagulu kena kamene kamasaka ndi maso: kuona nyama patali, kuithamangitsa mpaka kuigwira. Greyhound ndi Whippet ali m'gulu limeneli, koma iwo ndi a ubweya waufupi. A ubweya wautali odziwika ndi Afghan, Borzoi wa ku Russia amene ankasaka mimbulu, ndi Saluki wa kumaiko a Aluya, amene ubweya wautali ali nawo m'makutu, kumchira ndi kumbuyo kwa miyendo basi. Afghan kwawo ndi ku Afghanistan, komwe amatchedwa Tazi, ndipo ubweyawo unkamuteteza ku chisanu cha kumapiri. Ku Ulaya anayamba kutchuka mu 1907, Captain John Barff atafika ku England ndi galu wotchedwa Zardin. Mu 1920 banja la Bell-Murray linapita ndi gulu la agaluwa ku Scotland, a ubweya wochepa, ochokera kumadera otentha a ku Baluchistan, ndipo mu 1925 Mary Amps anatumiza ku England ena a ubweya wambiri ochokera ku Kabul. A masiku ano ndi osakanikirana a mitundu iwiriyi.

Mbiriyi ndaitchula chifukwa cha mfundo imodzi. Galu akamathamangitsa kalulu kapena mbawala pamiyala ya m'phiri, mlenje amatsala kutali kumbuyo. Palibe woti amuuze kuti khota uku, dumpha apo. Galu amene ankadikira kuuzidwa ankabwera chimanjamanja, ndiye amene ankasungidwa kuti abereke ndi aja oganiza okha. Mukagula Afghan, mwagula zotsatira za kusankha kumeneko.

Mmene zimaonekera ndi chonchi. Tikuyenda bwinobwino, chingwe chili lende, iye akuponda mopepuka, mchira wake wopindika kunsonga uli m'mwamba. Mwadzidzidzi amaima. Khosi limatalika, makutu amatukuka pang'ono patsinde pake, kamwa imatsekeka, ndipo wefuwefu uja amatheratu. Ndikagwira paphewa pake ndimamva minofu ikunjenjemera. Ndimayang'ana komwe akuyang'anako, sindiona kanthu. Papita kamphindi ndipo ndimaona kadontho kakusuntha kumapeto kwa msewu: mphaka, kapena pepala lapulasitiki louluka ndi mphepo. Nthawi imeneyo dzina lake alibe nalo ntchito. Mukhoza kuitana, kuimba mluzu, kumuonetsa nyama yootcha pamphuno pomwe, iye samva. Si mwano. Pa mphindi imeneyo inu kulibe.

Maso akewo anapangidwira zimenezo. Mutu ndi wautali, wopyapyala, maso ali chakumbali, ndiye amaona dera lalikulu kuposa ife. Mu 2004 akatswiri a ku Australia, mmodzi mwa iwo Paul McGreevy, anapeza kuti mwa agalu a mphuno zazitali timaselo toonera ta m'diso tinandandalikana mu mzere wopingasa, pamene mwa agalu a nkhope zophwatalala tinaunjikana pakati. Mzere wopingasawo ndi wabwino poona chinthu chikusuntha patali. Onjezerani liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, mudziwa kuti mumasekondi khumi galuyu akhoza kukhala mamita oposa 150 kuchokera pamene mwaima. Galu amene ali pa liwiro lotero, maso ali pa mphaka, galimoto saiona.

Choncho lamulo langa ndi limodzi, ndipo sindilisintha ngakhale anthu azindiseka: kunja kwa mpanda, Sila samasulidwa. M'nyumba ndikamuitana amabwera, nthawi zambiri. Pabwalo lotchingidwa amabweranso, akatopa. Koma kumvera kwa m'nyumba kusakunyengeni. Ndamvapo anthu akunena kuti wawo ndi wosiyana, amamvera. Mwina n'zoona, mpaka tsiku limene kalulu adzadzambatuke pamaso pake pafupi ndi msewu.

Mpandawo ukhale wa mamita pafupifupi 1.8, chifukwa galuyu amadumpha osayamba wathamanga n'komwe. Pafupi ndi mpanda pasakhale mulu wa njerwa kapena tebulo loti n'kupondapo. Choopsa kwambiri ndi geti. Tsiku lina mlendo polowa analisiya lotsekula pang'ono, ndipo ndinangoona ubweya ukuzimiririka pakona. Chimene chinandithandiza n'choti sindinamuthamangire. Munthu sungamupeze, ndipo ukamuthamangira iye amayesa masewera, amawonjezera liwiro. Atatembenuka kundiyang'ana ndinafuula dzina lake mosangalala n'kuthamangira kwina, ndipo anabwera kudzandipitirira, monyadira kuti wandigonjetsa. Kuyambira pamenepo geti lili ndi chitsulo choti lizidzitsekera lokha. Muikitseni microchip, kachipangizo ka pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini galu akasowa, kwa dokotala wa ziweto, komanso pakhosi pake pakhale nambala yanu ya foni.

Lamba wamba wa m'khosi samukhala. Mutu wake ndi wochepa poyerekeza ndi khosi, ndiye akangobwerera chambuyo lamba amavuka. Pamafunika lamba wotambalala wa mtundu wa martingale, amene amathina pang'ono galu akakoka koma osamutsamwitsa. Zingwe zija zotuluka m'kabokosi n'kumabwerera zokha musayerekeze: galu wa makilogalamu 25 akafika kumapeto kwa chingwe ali pa liwiro, chimodzi chimavulala, khosi lake kapena phewa lanu. Mukafuna kumupatsa chingwe chachitali, chimangeni ku lamba wa pachifuwa osati wa m'khosi, ndipo musachikulunge ku zala.

Chodabwitsa n'choti galu wothamanga chonchi ndi waulesi. Safuna kuyenda tsiku lonse. Chimene amafuna ndi ulendo wa m'mawa ndi wamadzulo, komanso kangapo pa sabata malo otchingidwa oti atambasule miyendo. Kumuona akuthamanga ndi mtima wonse ndiye malipiro a ntchito yonseyi. Msana umapindika n'kuwongoka, ndipo pa kulumpha kulikonse miyendo yonse inayi imachoka pansi kawiri: atadzikunga, komanso atadzitambasula. Ubweya wonse umathawira kumbuyo, mpaka umaona thupi lenileni, lowonda, la minofu yokhayokha. Akakhota amapendekeka mpaka phewa kutsala pang'ono kukhudza udzu. Mphindi zochepa zatha, wakhuta, akubwera lilime lili panja. Akafika kunyumba amasankha malo ofewa kuposa onse n'kugona mpaka madzulo, nthawi zina chagada, miyendo ili m'mwamba. Kumaiko ena kuli masewera otchedwa lure coursing, momwe agaluwa amathamangitsa pepala loyera lapulasitiki lokokedwa ndi injini pa chingwe. Ine ndimamanga chiguduli ku chingwe cha pa ndodo yaitali n'kumachizunguza pabwalo, ndipo zimamukwanira tsiku limene sitinapeze malo othamangira.

Ngati muli ndi tiziweto ting'onoting'ono, ganizani kawiri. Ambiri mwa agaluwa amakhala bwino ndi mphaka amene akula naye m'nyumba. Koma mphaka yemweyo akathamanga pabwalo, nkhani imasintha. Akalulu oweta, nkhuku, ngakhale tiagalu tating'ono ta eni ake tikamathamanga patali, zonsezi kwa iye n'zoti azithamangitse. Kumumenya sikungachotse zimenezi, chifukwa si khalidwe loipa limene waphunzira, n'chibadwa.

Pali mbiri yoti Afghan ndi galu wopusa. Inafala kwambiri mu 1994, pamene katswiri wa zamaganizo Stanley Coren anasanja mitundu ya agalu potengera msanga wophunzira ndi kumvera malamulo, ndipo Afghan anakhala kumapeto kwenikweni. Ine sinditsutsa zimene anapeza. Mukauza Sila kuti akhale pansi, kenako n'kumuuzanso, kachitatu amakuyang'anani n'kuchokapo. Koma galu yemweyu anaphunzira yekha kutsekula chitseko cha kukhitchini ndi mphuno, ndipo amadziwa kuti ndikavala nsapato izi tikupita koyenda, ndikavala izo ndikumusiya. Chimene alibe ndi mtima wofuna kukondweretsa munthu. Amakhala ngati mphaka wamkulu: amakukonda, koma sakugwirira ntchito. Pomuphunzitsa, phunziro likhale lalifupi, mphoto ikhale yokoma, ndipo musiye iye asanatope. Kukalipa n'kungodzibweza m'mbuyo. Mukamuzazira kamodzi amakhumudwa tsiku lonse, kugona atakufulatirani, ndipo mawa lake amakuyandikirani mokayika.

Alendo alibe nawo chidwi. Amawayang'ana kamodzi, kuyasamula, n'kubwerera pa sofa. Kuuwa amauwa mwa apo ndi apo, ndiye ngati mukufuna mlonda, funani mtundu wina. Chikondi chake n'chachete. Sadumphira munthu kapena kunyambita nkhope. Amabwera n'kutsamira mwendo wako ndi thupi lonse, kapena kuika chibwano pabondo n'kupuma mozama. Nthawi zina usiku chimamugwira chimisala, kuthamanga mozungulira tebulo, kudumpha mipando, kuponya nsapato m'mwamba, kenako n'kukhala pansi mwaulemu wonse ngati si iye. Ndi ana amakhala bwino ngati anawo ndi odekha, koma kukokedwa ubweya kapena kudzutsidwa mwadzidzidzi sakondwera nako. Ndipo ndi mbala. Kutalika kwake paphewa ndi masentimita pakati pa 63 ndi 74, kutanthauza kuti mphuno yake imafika patebulo iye ataima ndi miyendo inayi. Chakudya chosiyidwa poyera chimasowa popanda phokoso.

Tsopano za ubweya zija. Kamwana ka Afghan sikafanana ndi makolo ake ngakhale pang'ono. Kamakhala ndi ubweya waufupi wofewa, kenako timandevu tanyankhalala kumasaya, miyendo italiitali yosadziwa kopita. Akamayandikira chaka chimodzi, ubweya waubwana umayamba kuthothoka pamene wachikulire ukumera, ndipo wothothokawo sugwa pansi, umakodwa mu unzake. Nyengo imeneyi ndiyo yowawa, ndipo imatenga miyezi. Mukapesa madzulo, m'mawa mupeza mfundo zatsopano. Ambiri amagwa ulesi pamenepa. Mukapirira, ubweya wachikulire ukakhazikika ntchito imapepuka.

Sila amasamba kamodzi pa sabata, akachedwa sabata ziwiri. Ubweya wakuda ndi fumbi ndi umene umamangana, komanso kupesa ubweya wouma kumauthothola n'kuudula. Ndimamusambitsa ndi shampu ya agalu, osapikicha mozungulira, kungotsitsa ndi manja kutsata komwe ubweya waloza, kenako mankhwala ofewetsa ubweya, n'kutsukuluza mpaka madzi atayera. Pomupukuta ndimangofinya ndi thaulo. Kenako amagona chammbali patebulo, ine n'kuyamba ndi makina oumitsira ndi bulashi ya mano a waya opanda timitu kunsonga. Chinsinsi n'kupesa m'magawomagawo: dzanja lamanzere limatukula ubweya wonse m'mwamba mpaka khungu lioneke ngati kamzere, lamanja limatsitsa kagawo kochepa kuchokera pakhungu penipeni mpaka kunsonga, kenako kagawo kena pamwamba pake. Kuyambira kuphazi mpaka paphewa, mwendo uliwonse. Pomaliza ndimadutsitsa chipeso chachitsulo. Chikakodwa, pamenepo pali mfundo imene bulashi yailumpha. Ntchito yonse imadya maola awiri kapena atatu. Iye amagona tulo pakati pake, chifukwa ndinayamba kumugoneka patebulopo ali kamwana, ubweya woti n'kupesa asanakhale nawo. Muyambe msanga chimodzimodzi. Galu wamkulu amene sanazolowere kugwidwa mapazi ndi nkhondo.

Amene amangopesa pamwamba amanamizidwa: kunja kukuwala, pansi pake ubweya wagwirana kukhala chimfundo cholimba. Malo oyamba kumangana ndi kuseri kwa makutu, m'khwapa, pakati pa miyendo yakumbuyo ndi pakati pa zala. Mfundo ikakhalitsa imakoka khungu, imasunga chinyezi, pansi pake pamabuka chilonda. Yaing'ono imamasuka ndi zala mutaithira mankhwala ofewetsa. Yaikulu musaidule ndi sizasi mongoyerekeza, chifukwa khungu limatukuka limodzi ndi mfundoyo ndipo mudzamucheka. Lowetsani kaye chipeso pakati pa khungu ndi mfundo, mudule pamwamba pa chipesocho. Pamsana pa Afghan wamkulu pamakhala ubweya waufupi wosalala mwachibadwa, pamenepo sipafuna kumeta.

Makutu amalowa m'mbale. Pa nthawi ya chakudya Sila amavala snood, kansalu kosokedwa mozungulira ka lasitiki mbali zonse ziwiri, kamene kamagwira makutu kumbuyo. Popanda kameneka amatafuna nsonga za makutu ake pamodzi ndi chakudya. Tikabwera koyenda ndimamufufuza miyendo, chifukwa ubweyawo umatola timitengo, minga ndi njere zomata za udzu, ndipo njere yosongoka ikhoza kuboola khungu pakati pa zala. Nkhupakupa ndi utitiri zimabisala bwino mu ubweya wotere, ndiye mankhwala oteteza asamadumphe. Kukatentha timayenda mbandakucha ndi dzuwa litalowa basi.

Kunena zoona, ngati galu wanu sapita ku zionetsero, kumumeta ubweya kuti ufupike si tchimo. Ena okonda mtunduwu amaipidwa nazo, koma galu wometedwa bwino amakhala mosangalala kuposa wa ubweya wofika pansi wodzaza mfundo. Dziwaninso kuti galu akachitidwa opaleshoni yoletsa kubereka, ubweya nthawi zambiri umachuluka n'kukhala wathonjethonje, wosachedwa kumangana. Amene akufuna mtundu wa galuyu koma nthawi yopesa alibe, Saluki ndi wopepukirapo kwambiri. Borzoi samangana ngati Afghan, koma nyengo yothothoka ikafika ubweya umadzaza nyumba, komanso ndi chigalu chachikulu, champhongo chimatha kupitirira makilogalamu 40.

Konzekani kuuzidwa kuti mukumumana chakudya. Mafupa a m'chiuno mwa Afghan amaonekera mwachibadwa, ndipo nthiti ziyenera kumveka mukasisita. Kumunenepetsa kuti anthu asiye kulankhula n'kumuwonongera miyendo. Ambiri amadya monyinyirika, lero adya, mawa anunkhiza n'kuchoka. Kuchepa kwa mafuta m'thupiku kuli ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, pansi pouma pamamupweteka, zigongono zimachita zikang'a, ndiye pogona pakhale pofewa. Chachiwiri n'chachikulu: agalu a gulu limeneli amachedwa kutsitsimuka ku mankhwala ena ogonetsa, makamaka akale a mtundu wa barbiturate monga thiopental. Asanachitidwe opaleshoni iliyonse, ngakhale yotsuka mano, kambiranani ndi dokotala wa ziweto za mankhwala amene agwiritse ntchito. Dokotala wabwino sakhumudwa ndi funso limenelo.

Chifuwa chake n'chakuya, ndipo agalu a chifuwa chotere ali pa chiopsezo choti chifu chidzaze mpweya n'kupotokola. Zizindikiro zake muzisunge pamtima: galu akuyesa kusanza koma osatuluka kanthu, dovu likuchucha, mimba yafufuma n'kulimba, akusowa pokhala. Zikatero musadikire kuche, chifukwa matendawa amapha m'maola ochepa. Ine ndimamugawira chakudya kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi, ndipo sathamanga atangodya. Afghan amadziwikanso ndi matenda otchedwa chylothorax, pamene madzi oyera ngati mkaka amadzaza m'chifuwa mozungulira mapapo. Si ofala, koma galu akayamba kupuma movutikira kapena kutopa msanga popanda chifukwa, apimidwe. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 14.

M'zaka za m'ma 1970 Afghan anali galu wa fashoni ku Britain ndi ku Australia. Anthu ankagula chifukwa cha maonekedwe, ndipo ambiri mwa agaluwo anathera m'malo osungira agalu otayidwa, ubweya utagwirana thupi lonse. Lero ndi osowa, moti mwina mudzadikira miyezi musanapeze kamwana. Nthawi yodikirayo igwiritseni ntchito. Pitani kwa woweta, muone mayi wa tianato ndi mmene amakhalira ndi anthu, mufunse ngati makolo anapimidwa maso, mafupa a m'chiuno ndi chithokomiro. Woweta amene sakufunsani za mpanda wanu, ameneyo akungofuna ndalama. Funsaninso msanga amene adzakusungireni galuyo mukachoka, chifukwa si aliyense angapese ubweyawo, ndipo si aliyense amakhulupirira mukamuuza kuti chingwe asachimasule. Ine ndikakhala ndi ulendo wautali ndimamufupikitsa ubweya ndisananyamuke, ndipo womusungayo ndimayenda naye kaye kangapo kuti aone yekha mmene Sila amaumira thupi akaona mphaka. Musanalipire kalikonse, pemphani wowetayo kuti mudzabwere tsiku losambitsa, mugwire bulashi kuyambira mwendo woyamba mpaka wachinayi, kenako akupatseni chingwe cha galu wamkulu mutuluke naye kumsewu.